Mmene mungatsatire nkhani ya Photios, patiriyaki wa ku Constantinople, osasochera

Anzanga okonda mbiri ya mpingo, ngati munakumanapo ndi dzina loti Photios, amene anali patiriyaki, ndiye kuti episkopi wamkulu, wa ku Constantinople (Istanbul wa lero) mzaka za mma 800, mukudziwa kale kuti nkhani yake imazunguza mutu. Kwina mupeza akumutchula woyera, wamkulu, mzati wa chikhulupiriro, kwina mupeza akuti ndi amene anang'amba mpingo pakati, ndiye umangodabwa kuti kodi akunena munthu mmodzi yemweyu? Ine ndimaona kuti anthu ambiri amasochera chifukwa amayambira pa filioque, mawu a Chilatini otanthauza kuti ndi Mwana amene akumadzulo anaonjezera mu chikhulupiriro pa mzere wa Mzimu Woyera, pomwe filioque inalowa mochedwa mkanganowo utapsa kale pa zinthu zina. Ndiye tiyeni ndikuonetseni poyambira ndi podutsa, nkhaniyi imamveka bwinobwino mukaigwira kumutu kwake.

Choyamba tengani pepala ndi cholembera, musadalire mutu wokha ayi chifukwa mayina ndi ambiri. Lembani mizere inayi: Ignatios patiriyaki 847 mpaka 858, Photios 858 mpaka 867, Ignatios kachiwiri 867 mpaka 877, Photios kachiwiri 877 mpaka 886. Mmunsi mwake lembani mafumu a ku Constantinople, Michael III amene anaphedwa mu 867, Basil I kuyambira 867 mpaka 886, kenako Leo VI kuyambira 886. Pambali lembani apapa atatu, Nicholas I 858 mpaka 867, Hadrian II 867 mpaka 872, John VIII 872 mpaka 882. Tsopano yang'anani pepalalo. Muona kuti maulendo onse awiri amene Photios anachotsedwa pampando, 867 ndi 886, ndi zaka zomwezo zimene mfumu yatsopano inatenga ulamuliro. Papa anamuweruza mu 863 koma iye anakhalabe pampando zaka zina zinayi, mfumu itangosintha mu 867 basi anatuluka. Pepala limeneli lisachoke pambali panu mpaka mumalize kuwerenga chilichonse chokhudza iyeyu.

Kenako dziwani anthu awiriwa kumene anachokera musanayambe kuweruza. Mpingo wa ku Constantinople unali utangotuluka mu nkhondo yaitali ya maikoni, zithunzi zopatulika zija, mafumu ena ankaziletsa ndi kuziphwanya ena nkumazibwezeretsa, mpaka mu 843 mfumukazi Theodora, mayi wake wa Michael III, anazibwezeretsa kotheratu. Koma nkhondo ikatha pamatsala funso loti nanga maepiskopi ndi ansembe amene anali mbali inayo tiwatani. Gulu lina, makamaka amonke okhwima, linkati palibe kunyengerera, gulu lina linkati tichite mwachifatse mpingo ugwirizane. Ignatios anali wa gulu loyambalo. Iyeyu anali mwana wa mfumu Michael I Rangabe, bambo ake atachotsedwa paufumu mu 813 mwanayo anamufula kuti asadzalakelake mpando wachifumu nkumutsekera kunyumba ya amonke, ndiye anakulira mmenemo, munthu wodziletsa kwambiri komanso wosagonja. Photios anali wosiyana naye kutalitali, wochokera kubanja lapamwamba, mbale wake wa patiriyaki Tarasios amene anatsogolera msonkhano wa ku Nicaea wa 787, makolo ake anazunzidwa chifukwa chokana kutaya maikoni. Anali mkhristu wamba, mphunzitsi, munthu wowerenga koopsa, komanso mkulu wa alembi kunyumba ya mfumu. Onse awiri anali mbali imodzi pa nkhani ya maikoni, musaiwale zimenezo, kusiyana kwawo sikunali pa chiphunzitso.

Apa ndiye pofunika kudekha, chaka cha 858. Amene ankayendetsa boma kwenikweni anali Bardas, malume ake a mfumu Michael III, mlongo wake wa Theodora. Bardas ndi Michael anali atamuchotsa Theodora pa ulamuliro, ndipo Ignatios anali munthu wa Theodora. Panamveka mphekesera yoti Bardas akuyenda ndi mkazi wa mwana wake, Ignatios osachita mantha anamukana ukaristia pagulu mu tchalitchi chachikulu cha Hagia Sophia, anakananso kumeta Theodora kuti akhale sisiteri mokakamizidwa. Chaka chisanathe Ignatios anapezeka ali pa kachilumba ka Terebinthos. Otsatira ake ankati anachotsedwa mwankhanza, enawo ankati anavomera yekha kutula pansi udindo, ndipo mkangano wonse wa zaka makumi awiri zotsatira wagona pamenepa, chifukwa ngati sanatule pansi ndiye kuti amene anakhala pampandowo ndi wolanda. Zili ngati nkhani ya ufumu kumudzi pamene mbumba ina ikuti mfumu inavula yokha ina ikuti inavulidwa, aliyense wolowa pambuyo amakhala ndi mlandu kwa theka la mudzi olo atakhala wabwino bwanji.

Anasankha Photios, ndipo poti anali mkhristu wamba anamudutsitsa maudindo onse mmasiku ochepa chabe, kumumeta umonke, kenako muwerengi, wothandiza dikoni, dikoni, wansembe, tsiku la Khirisimasi 858 nkukhala patiriyaki. Mukamawerenga muona olemba ambiri akukuwa pamenepa kuti taonani chinyengo. Musathamange. Tarasios posankhidwa kukhala patiriyaki mu 784 anali mkhristu wamba, patiriyaki Nikephoros mu 806 chimodzimodzi, ngakhale ku Milan komwe Ambrose anasankhidwa mu 374 asanabatizidwe nkomwe, ndipo Photios mwini wake anatchula zitsanzo zimenezi polembera papa. Chimene chinapweteka kwambiri otsatira Ignatios ndi munthu amene anamudzoza, Gregory Asbestas, episkopi wamkulu wa ku Syracuse, amene Ignatios anali atamuchotsa kale paudindo. Kwa iwo kudzozedwa ndi munthu ameneyo kunali kopanda pake, ndipo mfundo imeneyi ndi yolemera ndithu, tisaipeputse.

Sitepe ina, musiyanitse mikangano itatu imene inalukana. Woyamba ndi umene tanenawu, ndani patiriyaki weniweni. Wachiwiri ndi wa mphamvu za papa, kodi Roma angaweruze nkhani za mkati mwa Constantinople mpaka pati. Wachitatu ndi wa malire, ndani alamulire mpingo wa ku Illyricum, dera la ku Balkan, ndi wa ku Bulgaria. Mukamawerenga kalata iliyonse ya nthawi imeneyo muzidzifunsa kuti apa akukamba uti mwa itatuyi, chifukwa kawirikawiri kalata imayamba ndi Ignatios nkukathera pa malire.

Mwachitsanzo, Photios atalembera Nicholas I kumudziwitsa za kusankhidwa kwake, papayo anatumiza nthumwi ziwiri, Radoald wa ku Porto ndi Zacharias wa ku Anagni, kuti akafufuze, koma anapemphanso kuti madera a Illyricum ndi minda ya mpingo wa Roma ku Sicily ndi Calabria, zimene mafumu a ku Constantinople analanda mzaka za mma 700, zibwezedwe. Mu 861 kunachitika sinodi, msonkhano wa maepiskopi, mu tchalitchi cha Atumwi Oyera ku Constantinople, nthumwi zija zinavomereza kuti Ignatios anachotsedwa moyenera, koma za Illyricum sizinabwere nazo kanthu. Nicholas anati ndinakutumani kukafufuza osati kukagamula, ndipo amonke a Ignatios motsogozedwa ndi Theognostos anafika ku Roma ndi madandaulo awo, mu 863 sinodi ya ku Roma inati Photios si patiriyaki, Ignatios abwerere, nthumwi zijanso zinalangidwa. Ku Constantinople sanalabadire. Mu 865 Michael III analemba kalata yachipongwe mpaka kunena Chilatini kuti ndi chinenero cha anthu osatukuka, Nicholas anayankha ndi kalata yaitali yofotokoza kuti mpando wa Petro suweruzidwa ndi wina aliyense. Onani kuti mpaka apa, zaka zisanu ndi ziwiri zadutsa, palibe amene wakamba za Mzimu Woyera.

Ine ndimati musamuone Nicholas ngati munthu wadyera basi, ankakhulupiriradi kuti episkopi wochotsedwa mopanda chilungamo ali ndi ufulu wodandaula ku Roma, ndipo Ignatios anachitiridwadi nkhanza. Komanso musamuone Photios ngati chidole cha Bardas basi, mmakalata ake anadandaula kwa Bardas za nkhanza zimene ankachitira otsatira Ignatios. Mukagwira zonse ziwirizi mutu umakhala bwino.

Tsopano pitani ku Bulgaria, uku ndi kumene moto unayakira. Mfumu Boris inabatizidwa cha mma 864 ndi ansembe ochokera ku Constantinople, nkutenga dzina loti Michael potsatira mfumu Michael III. Photios anamulembera kalata yaitali yokongola yofotokoza misonkhano isanu ndi iwiri ya mpingo ndi khalidwe la mfumu yachikhristu, koma Boris ankafuna china, mpingo wake ukhale ndi mtsogoleri wakewake usamalamulidwe ndi oyandikana nawo amphamvuwo. Ataona kuti sizikutheka mu 866 anatembenukira ku Roma, Nicholas anamuyankha mafunso 106, mafunso enieni a anthu ongotembenuka kumene, za kavalidwe, za kusamba, za nkhondo, za ukwati, natumiza maepiskopi kuphatikizapo Formosus wa ku Porto. Ansembe achigiriki anathamangitsidwa. Achilatiniwo anayamba kudzozanso ulimbitso anthu amene anali atadzozedwa kale ndi ansembe achigiriki, ati wansembe wamba sangapereke ulimbitso koma episkopi yekha, ankanyoza ansembe okwatira, ndipo ankaphunzitsa chikhulupiriro cha ku Nicaea chili ndi mawu oonjezera.

Apa ndiye mwafika pa filioque, ndipo muitenge pang'onopang'ono. Chikhulupiriro chimene chinakhazikitsidwa ku Nicaea mu 325 ndi kumalizidwa ku Constantinople mu 381 chimati Mzimu Woyera amachokera kwa Atate, potsatira Yohane 15:26. Kumadzulo, kuyambira ku Spain, msonkhano wa ku Toledo wa 589 ndi umene umatchulidwa kwambiri, anaonjezera kuti ndi Mwana, pofuna kutseka pakamwa anthu amene ankati Mwana ndi wochepa kwa Atate. Afulanki, anthu a mfumu Charlemagne ya kumadzulo kwa Ulaya, anazitenga nkumaziimba pa misa. Koma chimene ambiri sadziwa ndi ichi, Roma weniweniyo nthawi ya Photios anali asanaike mawuwa mu chikhulupiriro, papa Leo III cha mma 810 anakana kuwaonjezera ngakhale chiphunzitsocho ankagwirizana nacho, mpaka analembetsa chikhulupirirocho pa mbale ziwiri zasiliva, Chigiriki ndi Chilatini, popanda mawu oonjezerawo. Ku Roma anayamba kuimba ndi filioque cha mma 1014. Ngati ndinu a Katolika, Anglican kapena mpingo wina wochokera kumadzulo, taonani buku lanu la mapemphero pa mzere wa Mzimu Woyera, mupeza Atate ndi Mwana, pomwe a Orthodox, kuphatikizapo a kuno kwathu amene ali pansi pa patiriyaki wa ku Alexandria, amaima pa Atate.

Photios anali ndi zifukwa ziwiri ndipo muzizisiyanitsa. China ndi cha dongosolo, palibe mpingo wa dera limodzi ungasinthe mawu amene mpingo wonse unagwirizana. China ndi cha chiphunzitso, iye ankati Atate yekha ndiye gwero mu Utatu Woyera, ukanena kuti Mzimu amachokeranso kwa Mwana ndiye kuti waika magwero awiri, apo ayi wasakaniza Atate ndi Mwana nkumutsitsa Mzimu. Akumadzulo, potsatira Augustine, ankayankha kuti Atate ndi Mwana ndi gwero limodzi osati awiri. Munthu utha kugwirizana ndi chifukwa choyamba osagwirizana ndi chachiwiri, ngati mmene analili Leo III, ndiye mukamakambirana ndi anzanu muzifunsana kaye kuti tikutsutsana pa chiti.

Mu 867 Photios analemba kalata kwa mapatiriyaki a kummawa, Alexandria, Antioch ndi Jerusalem, kudandaula zonsezi, kusala kudya Loweruka, kudya za mkaka sabata yoyamba ya Lenti, kuletsa ansembe kukwatira, ulimbitso, ndi filioque imene anaitcha choipa choposa zonse. Chaka chomwecho sinodi ya ku Constantinople inagamula kuti Nicholas wachotsedwa ndi kudulidwa mumpingo. Apa ine ndimaona kuti Photios anapyola malire, kuweruza papa amene sanaitanidwe nkomwe kudzadziteteza ndi chimodzimodzi chimene iye ankadandaula kuti Roma anamuchitira. Nicholas anamwalira pa 13 Novembala 867 uthengawo usanamupeze.

Bwererani ku pepala lanu lija. Basil wa ku Macedonia, munthu amene anakwera kuchokera kosamalira akavalo, anapha Bardas mu 866, mu Seputembala 867 anaphetsanso Michael III amene anamukweza. Munthu wolowa ufumu ndi magazi chonchi amafuna abwenzi, ndiye anachotsa Photios nkubwezeretsa Ignatios kuti akondweretse amonke ndi Roma. Msonkhano wa 869 mpaka 870 unachitika pamaso pa nthumwi za Hadrian II nkumudula Photios. Koma yang'anani chiwerengero, tsiku loyamba panali maepiskopi 12 okha, pomaliza anangopitirira pang'ono 100, chifukwa ambiri anali odzozedwa ndi Photios ndipo anakana kumutaya. Iye atabweretsedwa pamaso pa msonkhanowo anasankha kukhala chete pafupifupi pa mafunso onse. Ndiye chodabwitsa, msonkhano utangotha nthumwi za Boris zinafunsa kuti Bulgaria ikhale pansi pa ndani, yankho linali Constantinople, nthumwi za papa zinakana koma Ignatios yemwe uja Roma anamumenyera nkhondo anatumiza episkopi wamkulu ku Bulgaria. Pamenepa mpamene mumaonera kuti mkangano wa malire sunali wa Photios yekha.

Photios anatsekeredwa kunyumba ya amonke, ndipo mu kalata yake kwa Basil chimene anadandaula kwambiri ndi choti anamulanda mabuku. Patapita zaka zochepa Basil anamuitanitsa kudzaphunzitsa ana ake kunyumba yachifumu, anayanjananso ndi Ignatios, ndipo Ignatios atamwalira pa 23 Okutobala 877 Photios anabwerera pampando patangopita masiku atatu. Msonkhano wa 879 mpaka 880 unali ndi maepiskopi 383 pamodzi ndi nthumwi za papa John VIII, unamuvomereza Photios, unafafaniza chigamulo cha 869, nkuletsa kuonjezera kapena kuchotsa mawu pa chikhulupiriro. John VIII anafuna kuti Photios apepese pagulu, sizinachitike, ndipo makalata ake powamasulira mu Chigiriki anawafewetsa, komabe papayo anavomereza kubwerera kwa Photios, anangoti ngati nthumwi zake zinachita china chosemphana ndi zimene anazituma chimenecho sachilandira.

Ndiye samalani ndi mawu oti msonkhano wachisanu ndi chitatu, kutanthauza wachisanu ndi chitatu pa misonkhano ikuluikulu ya mpingo wonse. A Katolika akatero akunena wa 869 mpaka 870, umene unamudula Photios. A Orthodox amawerenga misonkhano isanu ndi iwiri, ndipo ena mwa iwo akanena wachisanu ndi chitatu akunena wa 879 mpaka 880, umene unamubwezeretsa. Mukapeza nkhani pa intaneti yongoti msonkhano wachisanu ndi chitatu unati chakuti, yang'anani chaka musanakhulupirire kalikonse. Kumadzulo msonkhano wa 869 unayamba kuwerengedwa ngati wa mpingo wonse chakumapeto kwa zaka za mma 1000, nthawi imene apapa ankalimbana ndi mafumu pa nkhani yosankha maepiskopi, ndipo lamulo lake la nambala 22 loletsa olamulira kulowerera pa chisankho cha episkopi linawathandiza kwambiri.

Chinanso chofunika zedi, muzifunsa kuti amene akukuuzani nkhaniyi ndani. Zambiri zoipa zimene zimanenedwa za Photios zinachokera kwa Niketas David wa ku Paphlagonia, amene analemba mbiri ya moyo wa Ignatios ndipo ankadana ndi Photios poyera. Zokambirana za msonkhano wa 869 tili nazo zonse chifukwa cha Anastasius, woyang'anira mabuku ku Roma, amene anazimasulira mu Chilatini, kope la nthumwi za papa linalandidwa ndi achifwamba apanyanja pobwerera, ndipo Anastasius nayenso sanali bwenzi la Photios. Kwa zaka mazana ambiri kumadzulo ankaphunzitsa kuti John VIII anadzamudulanso Photios kachiwiri, mpaka wansembe wa Katolika wa ku Czech, Francis Dvornik, mu buku lake la 1948 anaonetsa kuti kugawanika kwachiwiriko sikunachitike, nkhaniyo inachokera mu zolemba za otsatira Ignatios amene anakana kuyanjana. Ndiye mukagwira buku lakale lolembedwa chisanafike chaka chimenecho muziliwerenga mukudziwa zimenezi. Mbali inayonso ilipo, zolemba zina za Orthodox zimamujambula Photios ngati sanalakwepo kalikonse ndipo za kuzunzika kwa Ignatios amangodutsapo, pomwe mpingo wa Orthodox womwewo umalemekeza onse awiri ngati oyera, Ignatios pa 23 Okutobala, Photios pa 6 Febuluwale.

Musalumphenso kuchoka pa 867 kukagwera pa 1054, chaka chimene ambiri amachitchula kuti mpingo wa kummawa ndi wa kumadzulo unagawanika, ngati ndi nkhani imodzi. Pakati pake pali zaka pafupifupi 190, ndipo Photios pa ulamuliro wake wachiwiri anali pa mgwirizano ndi Roma. Za mu 1054 pakati pa patiriyaki Michael Keroularios ndi kadinala Humbert, nthumwi ya papa, zinali ndi zoyambitsa zakezake, monga mkate wopanda chotupitsa ndi Anormani, ankhondo amene ankalanda madera kummwera kwa Italy. Chimene Photios anasiya ndi mfundo zotsutsa filioque, makamaka mu buku lake lonena za Mzimu Woyera lotchedwa Mystagogia, zimene a kummawa anadzazigwiritsa ntchito pambuyo pake.

Kuchotsedwa kwake komaliza kunalibe papa mkati. Basil atamwalira mu 886 pa ngozi ya kosaka nyama, Leo VI, mmodzi mwa ana amene Photios anawaphunzitsa, anamuchotsa nkuika mng'ono wa Leo yemweyo, Stephen, mnyamata wosakwana zaka 20, kukhala patiriyaki. Photios anamwalira cha mma 893 ali kunyumba ya amonke.

Mukamaliza zonsezi muwerengeko munthuyo mwini wake osati zongomunena, chifukwa mikanganoyi inaphimba ntchito yaikulu imene anagwira. Mu nthawi yake ndi mmene Constantine, amene tikumudziwa kuti Cyril ndipo anali wophunzira wake, anapita ndi mkulu wake Methodius ku Moravia mu 863 kukalalikira mu chinenero cha Asilavo. Mu buku lake lotchedwa Bibliotheca Photios anafotokoza mabuku pafupifupi 280 amene anawerenga, achikhristu ndi achikunja omwe, ambiri mwa iwo anatayika ndipo tikuwadziwa kudzera mwa iye basi. Koma poyambira pabwino ndi maulaliki ake, Cyril Mango anawamasulira mu Chingerezi mu 1958. Yambani ndi awiri aja a mu 860 pamene zombo za Arus, anthu ochokera kumpoto kutsidya kwa Black Sea, zinazinga Constantinople mwadzidzidzi mu Juni mfumu ili kunkhondo kwina, mumva mbusa akulankhula ndi anthu ogwidwa ndi mantha, kenako muwerenge wa mu Malichi 867 umene analalikira potsegulira chithunzi cha Maria atanyamula Mwana pamwamba pa guwa la Hagia Sophia, ndipo powerengapo mutsegule chithunzicho pa foni chifukwa chikadalipo ku Istanbul.